Galasi likubenthuka, chitsulo chikupsa: kusankha galayinda yosalazira mozaiki ndi m'mphepete mwa felemu

Anthu opanga matebulo, mafelemu a kalilole ndi zikwangwani za mozaiki, zija zoyala tizidutswa ta magalasi amitundumitundu pa thabwa kapena pa simenti, amakumana ndi vuto limodzi mobwerezabwereza. Ntchito imayenda bwino mpaka tsiku lomaliza, kenako imawonongeka m'mphindi zochepa munthu akangotenga galayinda kuti asalaze m'mphepete. Tizidutswa timene anatha masabata akutiyala timabenthuka, tina timachita mng'alu, pamwamba pa galasi pamatuluka timadontho takuda tosachoka ngakhale apukute motani, ndipo chitsulo cha felemu chimapsa n'kusanduka chabuluu. Ambiri amaliza kuti dzanja lawo ndi losazolowera, koma nthawi zambiri cholakwika chimakhala chitachitika kale kusitolo, pamene anagula makina othamanga liwiro limodzi ndi disiki imodzi n'kumayembekezera kuti zithandiza pa galasi ndi pa chitsulo pomwe.

Galasi ndi chitsulo zimafuna zinthu zotsutsana. Chitsulo wamba chimalola kupalidwa mothamanga, chimamwaza kutentha m'thupi lake lonse, ndipo chikapanikizika chimapindika chisanathyoke. Galasi silipindika n'komwe, komanso silimwaza kutentha msanga, choncho malo amodzi akatentha pamene pambali pake pali pozizira, limang'aluka. Galayinda yaing'ono ya mamilimita 115 imene owotcherera ambiri ali nayo imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, zomwe zikutanthauza kuti m'mphepete mwa disiki mumathamanga mamita pafupifupi 66 pa sekondi, kupitirira makilomita 230 pa ola. Pa chitsulo liwiro limeneli ndi loyenera. Pa galasi lokhuthala mamilimita 4 okha, kanthu kalikonse kokhakhala pa disiki kamagunda m'mphepete ngati nyundo yaing'ono, ndipo kutentha kumakwera munthu asanaphethire.

N'chifukwa chake chinthu choyamba kuyang'ana pogula ndi kagudumu kosinthira liwiro, kamene kamakhala kumbuyo kwa makina ndipo nthawi zambiri kamalembedwa manambala 1 mpaka 6. Dzina la kampani ndi kuchuluka kwa mawati zibwere pambuyo. Makampani odziwika monga Bosch, Makita ndi Metabo ali ndi mitundu ya mamilimita 115 ndi 125 imene imatsika kufika cha m'ma 2,800 pa mphindi n'kukwera kufika cha m'ma 11,000, ndipo pa bokosi pamalembedwa mawu akuti variable speed. Pa liwiro la 3,000 m'mphepete mwa disiki yomweyo mumathamanga mamita pafupifupi 18 pa sekondi, ndipo apa ndi pamene galasi limayamba kumvera. Ngati ndalama zilola, sankhani makina amene amasunga liwiro lomwelo ngakhale mutapanikiza, chifukwa otsika mtengo ambiri akatsitsidwa liwiro amafookanso mphamvu, moti amaima disiki ikangokhudza ntchito ndipo munthu amakakamizika kukwezanso liwiro. Mawati 700 mpaka 900 ndi okwanira pa mozaiki ndi felemu yopyapyala. Amene amawotchereranso mageti ndi zitsulo za m'mawindo angachite bwino ndi makina a mawati 1,200 kapena kuposerapo.

Galayinda yaikulu ya mamilimita 230 muisiye pa ntchito imeneyi. Anthu ena amaikonda poona kuti imazungulira ka 6,500 kokha pa mphindi, n'kumaganiza kuti ndi yofatsa, koma popeza disiki yake ndi yotambalala, m'mphepete mwake mumathamanga kuposa mwa yaing'ono ija. Imalemeranso makilogalamu 5 kapena kuposerapo pamene yaing'ono imalemera pafupifupi 2, ndipo palibe amene angayendetse katundu wotere mosamala pamzere wa galasi.

Pali kanthu kena kamene kamavutitsa anthu otumiziridwa zida ndi abale akunja. Magalayinda ogulitsidwa ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Ulaya amakhala ndi mtengo wachitsulo wozungulira, uja womangirapo disiki, wa mazinga otchedwa M14 ndipo amagwiritsa ntchito magetsi a mavoti 220 mpaka 240, pamene a ku America ali ndi mazinga a 5/8-11 ndipo amafuna mavoti 120. Chogwirira mapadi osalazira galasi cha mazinga a M14 sichimangika pa makina a ku America, ndipo makinawo mukawalumikiza ku magetsi athu popanda thiransifoma amapsa nthawi yomweyo. Ochokera ku Johannesburg sakhala ndi vuto la mavoti, amangofuna kusintha pulagi ya mapini ozungulira ija. Bowo la pakati pa madisiki a mamilimita 115 ndi 125 ndi la mamilimita 22.23, ndipo disiki ya bowo losiyana musaikakamize ndi mawashala.

Swichi nayo si nkhani yaing'ono kumene magetsi amazimazima. Swichi yokankha imene imatsekeka yokha imakhalabe yoyatsa magetsi akathima, ndiye munthu amaika makina pa tebulo n'kupita kukamwa madzi. Magetsi akabwera galayinda imadzuka yokha n'kuthamanga pamwamba pa mozaiki yonse. Sankhani makina okhala ndi chitetezo choletsa kudzuka okha magetsi akabwerera, kapena a swichi yofinya ndi zala imene imazima mukangoisiya. Makina oyamba pang'onopang'ono, olembedwa soft start, sagwedeza dzanja poyatsa ndipo savutitsa jenereta yaing'ono. Pomaliza dziwani kuti fani yoziziritsa mota imazungulira limodzi ndi motayo, choncho pa liwiro lotsika mphepo imachepa. Mukagwira ntchito kwa kanthawi pa nambala 1 kapena 2, chotsani disiki pa ntchito, kwezani liwiro, ndipo makina azungulire opanda katundu kwa mphindi imodzi kuti azizire.

Tsopano tibwere ku zizindikiro zenizeni. Ngati m'mphepete mwa galasi mukubenthuka tizigamba tooneka ngati mamba a nsomba ngakhale liwiro mwatsitsa, yang'anani chimene mwamanga pa makina. Disiki yakuda yopalira chitsulo siyenera kukhudza galasi, ndipo disiki ya dayamondi yodulira njerwa, ya mano olekanalekana ija, imaswa galasi pa mpata uliwonse wa dzino. Chofunika ndi mapadi a dayamondi ofewa, a mamilimita 100, omatika pa chogwirira cha labala. Amagulitsidwa m'magulu a manambala 50, 100, 200, 400, 800, 1500 ndi 3000, ndipo nambala ikamakula padi imakhala yosalala kwambiri. Amapangidwira miyala monga granite, n'chifukwa chake nambala 50 ndi yaukali kwambiri pa galasi lopyapyala. Yambani ndi 200, kapena 100 ngati pali kachidutswa kotuluka kwambiri, ndipo musalumphe nambala, chifukwa mikwingwirima ya 100 siichoka ndi 800 ngakhale mutakhalapo tsiku lonse. Kuti m'mphepete musacheke munthu, 400 ndi yokwanira. Manambala apamwamba ndi a amene akufuna kuti m'mphepetemo munyezimire ngati pamwamba. Mapadi ambiri otere amalembedwa kuti asapitirire cha m'ma 4,000 kapena 4,500 pa mphindi, choncho pa galayinda ya liwiro limodzi amasungunuka kapena kumatuka n'kuuluka.

Mbali imene padi ikuzungulira ilinso ndi kanthu. Gwirani makina moti padi izikankhira kuchokera pamwamba pooneka pa galasi kutsikira pansi, kapena iziyenda motsatira mzere wa m'mphepete. Ikamakoka kuchokera pansi kukwera, imanyamula tizigamba pa nkhope yeniyeni ya galasi, pamene diso la wogula limafikira. Yambani ndi kupha nsonga ya m'mphepete mopendeketsa, cha m'ma digiri 45, kamzere kosafika ngakhale milimita imodzi, kenako n'kusalaza mbali yonse. Kulemera kwa makina ndi kokwanira, musawonjezere mphamvu ya phewa. Dikiraninso kuti guluu ndi grout, phala lija lotsekera mipata ya pakati pa tizidutswa, ziume mokwanira monga zalembedwera pa paketi, chifukwa kachidutswa kamene kakugwedera pansi pake kamabenthuka kapena kuzuka ngakhale padi ikhale yabwino chotani.

Ngati galasi silikubenthuka koma likuchita mng'alu wautali, nthawi zina patapita masekondi angapo mutachotsa makina, ndiye kuti latentha. Mankhwala ake ndi madzi. Mukaona fumbi loyera likuuluka, dziwani kuti pauma. Pamene pali bwino pamatuluka timadzi toyera ngati mkaka. Koma apa pakufunika kusamala kwenikweni, chifukwa galayinda wamba sinapangidwe kuti izinyowa, ndipo madzi akalowa m'mabowo a mphepo munthu akhoza kugwidwa ndi magetsi. Alipo makina opangidwira ntchito ya madzi, okhala ndi kapaipi kotulutsa madzi pakati pa padi ndi chozimitsa magetsi pa chingwe chake, ndipo amene amagwira ntchito imeneyi mlungu uliwonse ayenera kugula amenewo. Wogwiritsa ntchito galayinda wamba alumikize makina kudzera pa chipangizo cha RCD cha mamiliampu 30, chimene chimazimitsa magetsi akayamba kudutsa posayenera, anyowetse galasi ndi siponji kapena botolo lopopera makina ali kutali, apale masekondi ochepa, aime, anyowetsenso. Musathire madzi ndi paipi makina akuzungulira, musaime pa madzi, ndipo polumikizira chingwe pakhale pamwamba pouma. Galayinda ya batire imachepetsa ngozi ya magetsi, koma ambiri mwa makina a batire alibe kosinthira liwiro, choncho werengani bokosi musanalipire. Ndipo galasi likatentha kale musalithire madzi ozizira mwadzidzidzi, lisiyeni lizizire lokha.

Ndinene mosabisa kuti gawo lalikulu la ntchito yosalaza magalasi a mozaiki silifuna galayinda n'komwe. Kachidutswa ka mamilimita 20 mbali zonse sikagwirika ndi zala pafupi ndi padi yozungulira, kamauluka ngati mwala wa legeni. Tizidutswa tosamatidwa tisalazeni pamanja ndi padi ya dayamondi yooneka ngati siponji, kapena ndi mwala wonolera mipeni wa carborundum woviikidwa m'beseni la madzi. Kukhudza katatu kapena kanayi mbali iliyonse kumachotsa ukali. Opanga mawindo a magalasi amitundu amagwiritsa ntchito makina a pa tebulo okhala ndi kamutu ka dayamondi konyowetsedwa ndi siponji, ndipo amenewa ndi abwino kuposa galayinda pa tizidutswa tating'ono. Galayinda ntchito yake ndi mzere wautali wa m'mphepete mwa chinthu chomatidwa kale. Palinso magalasi osayenera kusalazidwa pamwamba, monga smalti a ku Venice amene kampani ya Orsoni yakhala ikupanga kuyambira 1888, chifukwa kukongola kwawo kuli pa nkhope yokumbikakumbika imene imabweza kuwala mbali zosiyanasiyana. Galasi lolimbitsidwa ndi moto, ngati la m'mawindo a m'mbali mwa galimoto, lisadulidwe kapena kupalidwa likadali lathunthu, chifukwa limaphulika lonse n'kukhala timiyala. Kalilole naye ndi wovuta mwa njira yake: madzi akalowa pansi pa utoto wa kumbuyo, m'mphepete mumada pakapita miyezi, choncho muumitseni bwino ndi kupaka vanishi m'mbali musanamate.

Timadontho takuda tija ndi vuto limene ndinaliphunzira movutikira. Ndinali nditamaliza tebulo la masentimita 60 la magalasi abuluu ndi oyera m'felemu ya angle iron, ndipo nditaona kuti pa ngodya imodzi powotcherera panatsala chotupa, ndinapempha wowotcherera wina kuti angopalapo pang'ono. Sizinatenge ngakhale theka la mphindi. Tsiku limenelo sindinaone kanthu, koma podutsitsa chikhatho pamwamba pankamveka ngati mchenga, ndipo tebulo litagona panja usiku wa mame, mbali yonse ya ngodyayo inadzaza ndi timadontho ta dzimbiri. Nthethe za moto zochokera pa galayinda ndi tizitsulo totentha kwambiri, ndipo zikagwera pa galasi zimalisungunula pang'ono n'kukhazikika momwemo. Sopo sachotsa, ndipo ngakhale mankhwala atasungunula kachitsuloko kadzenje kamatsala. Ndinazula tizidutswa topitirira makumi awiri n'kuyala tina. Kuyambira pamenepo dongosolo langa ndi lakuti felemu iwotcheredwe, ipalidwe, ipakidwe penti yoteteza dzimbiri, ndipo galasi libwere pomalizira. Ngati palibe kuchitira mwina koma kupala chitsulo galasi lili kale m'malo, phimbani mozaiki yonse ndi pulayiwudi kapena chikopa, tsekani mipata ndi tepi, ndipo tembenuzani gadi, chitsulo chija chophimba mbali imodzi ya disiki, kuti nthethe zizipita kutali. Nyuzipepala ndi pulasitiki siziteteza, zimabooka.

Ku mbali ya chitsulo mavuto ndi osavuta kuwamvetsa. Timinga totsala m'mphepete mukadula timachoka bwino ndi flap disc, ija yokhala ndi timasamba ta sandipepa tosanjikizana, pa liwiro lokwera. Nambala 40 ndi yochotsera chotupa cha powotcherera, 60 ndi 80 ndi zosalazira, ndipo 120 ndi yomalizira musanapake penti. Igwireni mopendekera pang'ono, cha m'ma digiri 15 mpaka 25, ndipo muziyenda osaima pamodzi, chifukwa kuima ndi kumene kumakumba chigwa pa felemu. Disiki yopyapyala yodulira, ya milimita imodzi ija, musaigwiritse ntchito cham'mbali posalaza ngakhale mukuona ena akutero, chifukwa ulusi wolimbitsa mkati mwake ukadyeka disiki imasweka ili pa liwiro.

Chitsulo chikasanduka chachikasu kenako chabuluu, ndiye kuti mwapanikiza kwambiri kapena disiki yatha ndipo ikungokhula osadya. Izi zimaonekera msanga pa stainless steel, imene simwaza kutentha ngati chitsulo wamba, ndipo apa kosinthira liwiro kaja kamathandizanso: tsitsani kufika pakatikati. Pa stainless steel gwiritsani ntchito madisiki olembedwa INOX okha, ndipo disiki imene yakhudzapo chitsulo wamba isabwererenso pamenepo, chifukwa imasiya tizitsulo timene timachita dzimbiri pa chinthu chimene wogula anauzidwa kuti sichichita dzimbiri. Aluminiyamu, amene ambiri amaika m'mphepete mwa matailosi, ndi wofewa ndipo amamatirira pa disiki mpaka kuitseka. Pa kamzere kopyapyala kotere tupa ndi sandipepa zimagwira bwino kuposa makina. Fumbi la aluminiyamu musalisiye kuti lisakanikirane ndi fumbi la chitsulo pa benchi, chifukwa zosakanizazo zimatha kuyaka mwaukali nthethe zikagwerapo.

Malo ovuta kwambiri ndi pamene galasi lakumana ndi chitsulo ndipo mukufuna kuti zikhale zofanana msinkhu. Palibe disiki imodzi yoyenera pamenepo. Flap disc imakanda ndi kutentha galasi, pamene padi ya dayamondi ikamadya chitsulo imatha msanga ndipo imapaka zakuda pa grout yoyera. Njira yabwino ndi kupewa vutolo poyala: yezani kuti m'mphepete mwa felemu mukwere pang'ono, ngati milimita imodzi, pamwamba pa galasi, kuti chitsulo chibise ukali wa galasi ndipo pasakhale chosalaza. Ngati mwapeza kale kuti chitsulo chatuluka kwambiri, matani tepi yokhuthala kawiri pa mzere woyamba wa magalasi n'kutsitsa chitsulo ndi tupa. Zimatenga ola limodzi m'malo mwa mphindi zisanu, koma simuzula kanthu.

Makina akamanjenjemera, galasi limabenthuka ngakhale zina zonse zili bwino. Zulani pulagi, masulani nati, pukutani fumbi pa mbale zogwira disiki, ndipo onani ngati padi yamatidwa pakati penipeni pa chogwirira chake. Nati yomangira ili ndi mbali ziwiri: mbali yotukuka imalowa m'bowo la disiki yokhuthala, pamene pa disiki yopyapyala imayang'ana kunja. Ikatembenuzidwa molakwika disiki imakhala yosamangika. Werenganinso nambala yolembedwa pa disiki: ya mamilimita 115 imalembedwa 13,300 pa mphindi, ya 125 imalembedwa cha m'ma 12,250, pamene ya 230 imalembedwa cha m'ma 6,650. Nambalayo isachepere liwiro la makina anu, n'chifukwa chake chizolowezi chomanga zotsalira za madisiki aakulu pa galayinda yaing'ono atachotsa gadi ndi choopsa. Madisiki akuda opalira ndi odulira amakhala ndi tsiku lotha ntchito losindikizidwa pa kachitsulo ka pakati, kawirikawiri zaka zitatu kuchokera pamene anapangidwa, ndipo amene agona pachinyontho amafooka nthawiyo isanakwane. Ngati kunjenjemera kukupitirira popanda disiki iliyonse, vuto lili pa mabering'i kapena mtengo wapindika, ndipo pafunika wokonza.

Galayinda ikayamba kufooka, kudukizadukiza, kapena kuonetsa moto wambiri m'mabowo a kumbuyo, nthawi zambiri makaboni, timakala tija topereka magetsi m'kati mwa mota, atha, ndipo ndi otsika mtengo kusintha. Pogula makina funsani ngati makaboni ake amapezeka pafupi, chifukwa galayinda yabwino yosowa makaboni imangokhala m'bokosi. Fumbi la galasi ndi la grout limadya mkati mwa mota, choncho muziuzira mphepo m'mabowo mukamaliza ntchito. Chingwe chachitali chopyapyala, makamaka chosakunyululidwa pa gudumu lake, chimatentha ndi kufooketsa makina.

Za kudziteteza sindikhalitsapo, koma magalasi a maso okha sakwanira pamene tizidutswa ta galasi tikuuluka, pamafunikanso chophimba nkhope yonse. Grout ndi simenti zili ndi mchenga umene fumbi lake limawononga mapapo pang'onopang'ono, choncho valani chophimba mphuno cha FFP2 kapena FFP3, tsekani makutu, ndipo matope oyera aja muwapukute akadali onyowa asanaume n'kusanduka fumbi. Gadi ndi chogwirira cha m'mbali zikhale pa makina nthawi zonse pamene mukupala chitsulo.

Musanakhudze ntchito yeniyeni, matani tizidutswa khumi totsala pa kathabwa ndi guluu ndi grout zomwezo, n'kuyesapo liwiro ndi padi mpaka m'mphepete mutuluke bwino, kenako lembani nambala ya pa kagudumu ndi cholembera cha maka pa thupi la makina. Poyesa ngati mwasalala musadutsitsepo chala. Tengani kathonje n'kukakoka pang'onopang'ono m'mphepete monse, pa galasi ndi pa chitsulo pomwe. Pamene ulusi wakodwa ikanipo chizindikiro ndi choko, ndipo mubwererepo ndi padi ya pamanja ya 200 ngati ndi galasi, kapena tupa ngati ndi chitsulo.